Toxapex ya mu Scarlet ndi Violet: kufa siifa msanga, koma kodi ikuwinitsani?

Amene mukufuna yankho lachidule nali: Toxapex, Pokémon yodziwika ndi kulimba, ikadali bho pa singles ya ma Pokémon 6 kwa 6 (kumenyana mmodzi ndi mmodzi pabwalo), makamaka pa Pokémon Showdown, webusaiti yomenyanirapo ma Pokémon, koma si Toxapex ija ya mu Sun ndi Moon kapena Sword ndi Shield imene inkapangitsa anthu kuthimitsa gemu ndi mkwiyo ayi. Pa ranked ya pa Switch ndi yapakatikati, ndipo pa doubles, pomwe amamenyana awiri ndi awiri, ine sindingakulimbikitseni. Tsopano amene muli ndi nthawi tiyeni tiione bwinobwino, chifukwa anthu ambiri amangoiponya mu timu atamva zoti siifa, kenako n'kumadabwa kuti bwanji akuluzabe pomwe Toxapex yawo yatsala ndi moyo wonse.

Manambala ake kaye. HP 50, Attack 63, Defense 152, Special Attack 53, Special Defense 142, Speed 35. Ukangowaona ukudziwiratu kuti chinthu ichi sanachipangire kumenya kapena kuthamanga, ntchito yake ndi kulandira zibakera mbali zonse ziwiri, za physical ndi za special zomwe, ndipo ma Pokémon amene amakwanitsa zonse ziwirizi nthawi imodzi ndi ochepa. Blissey mwachitsanzo ili ndi HP 255 ndi Special Defense 135 koma Defense yake ndi 10 basi, ukaipeza ndi Close Combat nkhani yatha. Pofooka pa Toxapex ndi pa HP 50 paja. Pa level 100 ngakhale muthire ma EV (mapointi okwezera ma stat) 252 onse ku HP imangofika 304, nde muvu ngati Seismic Toss imene imachotsa 100 osayang'ana Defense imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wake. N'chifukwa chake ma EV oyamba amapita ku HP nthawi zonse, za Defense kapena Special Defense timakambirana pambuyo.

Mtundu wake ndi Poison ndi Water, ndipo apa mpamene pali phindu lenileni. Imapirira Fire, Water, Ice, Steel, Fighting, Poison, Bug ndi Fairy, mitundu 8 yathunthu, pomwe yoipweteka ndi itatu yokha: Ground, Electric ndi Psychic. Kuwonjezera apo singapatsidwe poizoni, ikalowa pabwalo pomwe pali Toxic Spikes, msampha wapansi wopereka poizoni, imazichotsa yokha osataya turn, ndipo Toxic yake, muvu yopereka poizoni woipa, siphonya chifukwa Pokémon ya Poison ikamaponya Toxic accuracy ya 90 ija siwerengedwa. Tizinthu tating'onoting'ono timeneti tikaphatikizana ndi timene timapangitsa kuti ikhale yosautsa kulimbana nayo.

Koma mtima wake wonse ndi Regenerator. Ili ndi ma ability atatu, Merciless, Limber ndi Regenerator, ndipo chonde musataye nthawi ndi awiri oyambawo. Merciless imamveka yokoma, critical hit nthawi zonse kwa mdani amene ali ndi poizoni, koma critical hit yochokera pa Attack 63 ingaopse ndani? Regenerator imabwezera 1/3 ya HP nthawi iliyonse Toxapex ikatuluka m'bwalo. Mwamva, ikatuluka. Osati ikakhala. Apa mpamene anthu ambiri amasokonezera, amaiona ngati chinthu choti uchiike kutsogolo chizingodina Recover, muvu yodzichiritsira, mpaka mdani atope, pomwe mphamvu yake ili pa kulowa, kulandira chibakera, kuchita kanthu kamodzi, n'kutuluka.

Tione pafupi. Mnzanu watulutsa Cinderace ndipo mukudziwa kuti ikubwera ndi Pyro Ball, muvu ya mphamvu 120. Mwalowetsa Toxapex ya Bold (nature yokweza Defense) yodzaza Defense, Pyro Ball ija siifika ndi 20 peresenti yomwe. Cinderace ilibe chochita apa, ituluka basi, mwina ndi U-turn, muvu yomenya n'kutuluka, imene Toxapex imapiriranso. Inu pa turn imeneyo mwaponya Toxic kwa amene akulowayo. Walowa Great Tusk, wadya poizoni, inu mwatuluka kupita kwa Corviknight, ndipo Regenerator yabweza zonse zimene Pyro Ball ndi U-turn zinachotsa. Werengani zimene zachitika: inu simunataye kalikonse, Recover simunaigwire n'komwe, koma Great Tusk wa mnzanu tsopano akudwala mpaka gemu ithe. Toxapex yogwiritsidwa bwino ndi imeneyo. Ikachita zimenezi kangapo timu ya mnzanu imayamba kuwola pang'onopang'ono iye osadziwa kuti zalakwika pati.

China chimene ndimaikondera ndi Haze, muvu yofufuta kusintha konse kwa ma stat. Zamazenta ikalowa koyamba Dauntless Shield imaikweza Defense, kenako iyamba Iron Defense kuti Body Press izipweteka kwambiri poti muvu imeneyi imawerengera Defense osati Attack. Matimu ambiri akachedwa turn imodzi basi ndiye kuti zawathera. Toxapex imangolowa, Fighting imaipirira kale, n'kudina Haze, zonse zimene Zamazenta inaunjika zija n'kufufutika. Chimodzimodzi Dragon Dance, Swords Dance, Calm Mind, bola ikhale muvu yoti siikupha kamodzi. Ndipo Substitute siitchinga Haze. Ine Haze sindiichotsa pa seti, chifukwa popanda iyo Toxapex imasanduka malo oti ma sweeper, ma Pokémon osesa timu yonse, azikwezerapo ma stat mwaufulu, mwabweretsa nokha vuto mu timu.

Tsopano zodandaulitsa, ndipo zilipo zambiri. Scarlet ndi Violet atatuluka mu November 2022 Game Freak, kampani yopanga magemuwa, inaichepetsa mphamvu Toxapex m'njira zitatu osakhudza manambala ake ngakhale imodzi. Scald anailanda, Knock Off anailanda, ndipo Recover anaidula PP (kangati mungaidine) kuchoka pa 16 kufika pa 8 ukaikweza mpaka pamapeto. Ya Recover inakhudza makhoma onse, ma Pokémon olandira zibakera ngati iyi, Roost, Slack Off, Soft-Boiled zonse zinadulidwa chimodzimodzi, koma ya Scald ija inapweteka Toxapex kuposa ena.

Ndifotokoze chifukwa chake, poti amene anayamba kusewera posachedwa sangamvetse kuti Scald inali chiyani. Mphamvu yake ndi 80 yokha, koma ili ndi mwayi wa 30 peresenti wootcha, ndipo Pokémon yopsa imataya theka la mphamvu zake za physical komanso 1/16 ya HP pa turn iliyonse. Nde kale zinali chonchi: ukalowetsa Pokémon wamba udya Toxic, ukalowetsa ya Steel imene Toxic siigwira uika moyo pachiswe ndi Scald, ukalowetsa ya Ground kuti uiopseze ndi Earthquake ukumana ndi Scald yomweyo imene ikupweteka kawiri mwinanso n'kukuotcha. Panalibe njira yaulere yolowera. Pano Kingambit, Gholdengo, Corviknight amangolowa akuyimba mluzu, Toxic siwagwira, Surf yochokera pa Special Attack 53 ndi yoseketsa, moti mdani amene ali ndi Steel imodzi yabwino sachita mantha ndi Toxapex ngakhale pang'ono. Si zodabwitsa kuti itakhala mu OU, gulu la ma Pokémon ogwiritsidwa kwambiri pa malamulo a Smogon, nthawi yonse ya Gen 7 (Sun ndi Moon) ndi Gen 8 (Sword ndi Shield), mu Gen 9 (Scarlet ndi Violet) inafika potsikira ku UU, gulu la pansi pake.

Kunena zoona ine sindikuona ngati anailakwira. Toxapex yakale ija inali yonyanya. Kungoti amene mukuonera mavidiyo akale n'kumakopera maseti, dziwani kuti mukugula chinthu china.

Mamuvu ake nde asankhidwe bwanji. Recover ndi Haze zakhala kale. Yachitatu kwa ine ndi Toxic, chifukwa masamu ake ndi oopsa: turn yoyamba 1/16, yachiwiri 2/16, yachitatu 3/16, kumangokwera choncho, moti Pokémon yodzaza moyo imene siichira ndipo yakana kutuluka imagwa pa turn ya 6. Ikatuluka kuwerenga kuja kumayambiranso pa 1/16, zoona, koma kutulukako ndi kumene mukufuna, chifukwa aliyense wolowa akuponda Stealth Rock ndi Spikes zanu, misampha yopweteka olowa. Malo achinayi ndi amene amavuta. Surf imathandiza kuti Taunt, imene imaletsa mamuvu osamenya, isakusiyeni mukudina Struggle komanso imakandako ma Ground akamalowa. Toxic Spikes ndi yabwino pa pepala, mzere umodzi poizoni wamba, iwiri poizoni woipa uja, koma masiku ano Heavy-Duty Boots, item yoteteza ku misampha, zili paliponse, zouluka siziponda, za Steel sizimva, ndipo mnzanu akangokhala ndi Poison imodzi yoponda pansi ngati Slowking ya ku Galar ntchito yanu yonse yapita. Pa matimu othamanga amene sanyamula Boots imagwira ntchito heavy, pa ena mwataya malo. Baneful Bunker ndi muvu yakeyake, imatchinga ngati Protect n'kupereka poizoni kwa aliyense woikhudza, ndipo imathandiza kuona muvu imene Pokémon ya Choice Band kapena Choice Scarf (ma item okakamiza muvu imodzi) yadzitsekera, koma poizoni wake ndi wamba uja wa 1/8 osakwera, nde nthawi zina umadzilanda wekha mwayi woika Toxic yeniyeni. Infestation nayo ilipo, mphamvu 20 yokha koma imatsekera mdani ma turn 4 kapena 5 ikudya 1/8, ukaiphatikiza ndi Toxic khoma la mnzako limafera pomwepo likufuna kuthawa. Imeneyi imakoma kwambiri ikagwira, kungoti anthu akaidziwa sakodwanso.

Za item ndikhalitsepo pang'ono chifukwa apa anthu amangotengera chizolowezi. Aliyense amathamangira Black Sludge poti ndi Poison, imachiritsa 1/16 pa turn iliyonse, ndipo wina akakuchita Trick, muvu yosinthanitsa ma item, iyeyo ndi amene amapwetekeka nayo. Zabwinobwino. Koma tawerengani izi. Stealth Rock imachotsa 12.5 peresenti kwa Toxapex, Spikes zitatu zimachotsa 25, zonse pamodzi 37.5 peresenti nthawi iliyonse ikalowa. Regenerator imabweza 33. Kutanthauza kuti bwalo likadzaza misampha Toxapex yanu ikuluza moyo pa kulowa ndi kutuluka kokha mdani asanaimenye n'komwe, injini yonse ija yazima. Ndipo mu Gen 9 oika misampha ndi ambirimbiri, Ting-Lu, Glimmora, Gliscor, Samurott ya ku Hisui imene Ceaseless Edge yake imasiya Spikes uku ikumenya, kwinaku Gholdengo ikutchinga mamuvu ochotsera misampha, Rapid Spin poti ndi Ghost ndi Defog yomwe chifukwa cha Good as Gold. Nde ngati timu yanu ilibe njira yodalirika yochotsera misampha, Heavy-Duty Boots basi, musavutike. Mutaya 1/16 ija koma Regenerator izigwira ntchito yake yonse.

Rocky Helmet nayo ndi yokoma ngati kumene mukusewera kuli zomenya mokhudza zambiri. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi Urshifu ya Rapid Strike, Surging Strikes imamenya katatu, nthawi iliyonse Helmet ikudya 1/6, nde turn imodzi yokha Urshifu yadzichotsera theka la moyo pomenya chinthu chimene chimapirira Water. Koma musayese kuitchinga ndi Baneful Bunker, Unseen Fist imaboola. Palinso seti ya Assault Vest, yopanda Recover, yopanda Haze, Special Defense kukwera ndi theka, mamuvu omenya okhaokha ngati Surf, Sludge Bomb, Acid Spray ndi Infestation, kuchira konse kudalira Regenerator. Poyamba imaoneka ngati nthabwala koma pa timu yothamanga imene imangofuna chinthu cholandira special n'kutuluka imagwira. Si ya aliyense.

Samalani ndi Tera, ija yosinthira mtundu wa Pokémon mkati mwa gemu. Ukaisintha Toxapex kukhala Steel, Fairy kapena Dark itanyamula Black Sludge, item yomwe ija imatembenuka n'kuyamba kuidya 1/8 pa turn chifukwa sinalinso Poison. Ngati mukudziwa kuti muzichita Tera pa iyo nyamulani Leftovers kapena Boots. Komanso ikasiya kukhala Poison siichotsanso Toxic Spikes, Toxic yake ikhoza kuphonya, ndipo ngati si Steel nayonso ikhoza kudwala poizoni. Ine maganizo anga ndi oti Tera ndi imodzi pa gemu yonse, kuithera pa khoma kuyenera kukhala kwa pangozi basi, mwina Psychic yakwera ma stat ndipo Tera Dark ndi yokhayo ingakupulumutseni kuti mudine Haze.

Adani ake ndi odziwika ndipo ena amaichititsa manyazi zedi. Great Tusk, Landorus ndi ma Ground onse, Raging Bolt ndi ma Electric, zimenezo aliyense akudziwa, umangotuluka. Osautsa ndi amene amaigwira m'njira zina. Garganacl ili ndi Purifying Salt nde Toxic siigwira, kenako Salt Cure yake imadya 1/8 kwa ena onse koma kwa Water ndi Steel ndi 1/4 pa turn iliyonse, moti Toxapex ikakhala pamaso pa Garganacl ma Recover 8 aja amatha ngati masewera. Covert Cloak imatchinga zimenezi koma ndiye kuti mwasiya Boots. Heatran imaitsekera ndi Magma Storm, kuithira Taunt kuti isachire, kenako Earth Power mpaka kugwa, ndipo poti yatsekeredwa Regenerator ilibe ntchito, n'chifukwa chake kale anthu ena ankainyamulitsa Shed Shell, item yoilola kutuluka ngakhale yatsekeredwa. Gliscor ndi Poison Heal yake poizoni ndi mankhwala kwa iyo. Hatterene imabweza Toxic Spikes kwa inu ndi Magic Bounce uku ikukuopsezani ndi Psychic. Ogerpon ya Wellspring imamwa Surf ndi Water Absorb. Pokémon iliyonse imene Substitute yake siisweka ndi Surf imakhala kuseri kwake mosatekeseka. Ndipo Future Sight ya Slowking ya ku Galar ndi nkhanza zenizeni, imaponyedwa pano n'kudzagwa patapita ma turn awiri, nthawi yomwe mnzanu walowetsa Fighting yake imene mumafuna kuiyankha ndi Toxapex, nde mulowe mudye Psychic kapena musalowe wina afe.

Taunt payokha ndi nkhani. Ma turn atatu opanda Recover, Haze kapena Toxic, ndipo ndi Speed 35 pafupifupi aliyense amaiponya inu musanasunthe. Mukathiridwa Taunt musalimbane nazo, tulukani, Taunt imatha mukatuluka ndipo Regenerator ikupatsani 1/3 yaulere.

Nde funso lalikulu musanaiike mu timu si lakuti kodi ipirira chiyani, koma lakuti ikapirira ndani apindule. Toxapex ili ngati goloboyi, akhoza kugwira mipira yonse koma ngati kutsogolo kulibe womwetsa zigoli simuwina. Matimu ambiri amene ndimakumana nawo pa ladder amakhala ndi Toxapex, Blissey, Corviknight, Dondozo, onse olimba, koma ukafunsa kuti gemu aimaliza ndani palibe yankho, akungodikira kuti mdani alakwitse. Stall yeniyeni, timu ya makhoma okhaokha, ilipo ndipo akatswiri ake amadziwa kuwerenga PP ya muvu iliyonse mpaka turn ya 200, koma imeneyo ndi ntchito ina, yofuna mutu wozizira, ndipo Knock Off imodzi pa Boots zolakwika ikhoza kugwetsa zonse. Kwa ambirife Toxapex imakhala bwino pa timu ya balance, makhoma awiri kapena atatu ndi zomenya zimene zikudikira kuti poizoni afewetse njira.

Oyenda nayo bwino ndi amene amatseka mabowo atatu aja. Corviknight ndi Flying ndi Steel, Ground siigwira, Psychic imapirira, ndipo Fire imene imaiotcha Toxapex imalandira mosavuta, kungoti onse awiri amaopa Electric nde pafunika wachitatu. Ting-Lu ndi Dark ndi Ground, Electric siigwira, Psychic siigwira, HP 155, imaika Stealth Rock ndi Spikes, ndipo zambiri zimene zimaipweteka, Water, Ice, Fighting, Bug, Fairy, ndi zomwe zija Toxapex imapirira. Atatu amenewa amagwirizana mochititsa kaso. Gliscor nayo imalowa pa Ground ndi Electric zonse ziwiri ndipo imabweretsa Knock Off imene Toxapex inalandidwa, kuchotsa Boots za adani kuti misampha iyambe kuluma.

Kutsogolo nde muike zinthu zimene zimatchingidwa ndi ma Pokémon omwe Toxapex imawakoka. Taganizani, ndani amalowa pa Toxapex? Great Tusk, Landorus, Ting-Lu, ma Ground. Ndani amasangalala Great Tusk akadwala? Kingambit wanu, amene Great Tusk ndi mmodzi mwa omutchinga akuluakulu. Nde Toxic iliyonse imene yagwera Great Tusk ndi njira imene ikutsegukira Kingambit kumapeto, pomwe Supreme Overlord yakwera ndipo Sucker Punch ikungosesa. Dragapult kapena Gholdengo ya Hex nayonso imakondwa chifukwa Hex imachoka pa 65 kufika pa 130 kwa mdani wodwala. Pamenepo Toxapex ikugwira ntchito yooneka, osati kungotalikitsa gemu.

Palinso kachenjerero kena kamene kamasiyanitsa odziwa ndi ongoyamba. Poti aliyense amadziwa kuti Toxapex siyoopsa, mdani amasintha mosaganiza, Toxapex ikangolowa iye Ground yake yabwera. Mukaona wachita choncho kawiri, kachitatu musadine muvu, tulukani nthawi yomweyo kupita kwa Rillaboom kapena Ogerpon wanu. Iye walowetsa Ground, inu mwalowetsa Grass, Regenerator yachiritsa Toxapex, ndipo tsopano amene ali pamoto ndi iyeyo. Muyenera kuchita izi pamanja chifukwa, ndipo ichi ndi chilema chake chachikulu kwa ine, Toxapex ilibe muvu yotulukira. Palibe U-turn, palibe Flip Turn, palibe Teleport. Slowking ya ku Galar ili ndi Regenerator yomweyo komanso Chilly Reception, Alomomola ili ndi Regenerator, Wish ndi Flip Turn, onsewa poti ndi ochedwa amalandira chibakera kaye kenako n'kulowetsa mnzawo bwinobwino osakhudzidwa. Toxapex singathe. Ndikamamanga timu n'kuona kuti chimene ndikufuna ndi kulowetsa zomenya zanga mosavulala, ndimatenga awiri enawo. Toxapex ndimaitenga ndikafuna Haze, kuchotsa Toxic Spikes ndi chinthu chimodzi chotseka Fire, Fighting ndi Fairy nthawi imodzi.

Ma Recover 8 aja muziwasunga ngati ndalama yomaliza. Lamulo langa ndi loti ngati ndikhoza kuchira potuluka sindidina Recover. Ndimaidina pokhapokha pamene kutuluka kupweteketsa mnzake wa mu timu, kapena pamene mdani wadya kale Toxic ndipo turn iliyonse imene ndakhala ikumuwonjezera ululu. Pamaso pa Pokémon ya Pressure ngati Corviknight kapena Zapdos muzikumbukiranso kuti mamuvu olunjika kwa iyo amadya PP iwiri, nde kumangoponya Surf pa Corviknight ndi kutaya chabe.

Za pa Switch tsopano. Kuipeza sikovuta, Mareanie imapezeka m'mbali mwa nyanja ku Paldea ndipo imasanduka Toxapex pa level 38. Chovuta pang'ono ndi Regenerator poti ndi hidden ability, nde mufunika Ability Patch kapena kuipeza mu Tera Raid. Nature mukhoza kukonza ndi mint, ma IV ndi Bottle Cap ikafika level 50, zimenezi masiku ano ndi zophweka kusiyana ndi kale pomwe munthu ankaswetsa mazira mpaka kutopa. Koma ranked ya singles imakulolani kusankha atatu okha mwa 6, pa level 50 pomwe HP yake imathera pa 157, ndipo ndi atatu okha malo osinthira ndi ochepa, mnzanu mmodzi akagwa Regenerator yatsala ndi khomo limodzi, awiri akagwa yatha ntchito. Palinso wotchi, gemu yonse mphindi 20, ndipo ma animation a Tera ndi poizoni ndi Leftovers amadya nthawi moti magemu a makhoma ambiri amathera pa wotchi, wopambana n'kukhala amene watsala ndi ma Pokémon ambiri. Ena amasewera dala choncho, kupha mmodzi kenako kuzungulira ndi Regenerator mpaka nthawi ithe. Malamulo amalola, koma ine sizindisangalatsa ngakhale ndikhale wowinayo. Kumbukiraninso kuti kumeneko item imodzi singanyamulidwe ndi awiri, nde Leftovers ikapita kwa wina Toxapex itenge Black Sludge kapena Helmet. Pa Showdown mavuto amenewa kulibe, ndi yaulere, seti mumaimanga pa mphindi imodzi, nde yesani kaye kumeneko musanawononge Ability Patch.

Ku doubles ya VGC, mipikisano yovomerezeka ya Pokémon, ndiye ayi. Magemu ake ndi aafupi, adani ndi awiri, ndipo akaona Toxapex amangoisiya ili chikhalire n'kumamenya mnzake onse awiri, mapeto ake mukusewera mmodzi kwa awiri. Wide Guard ili nayo, Haze ili nayo, koma chitetezo cha ku doubles ndi choteteza mnzako osati kudziteteza wekha. Amoonguss ili ndi Regenerator yomweyo koma imakoka zibakera ndi Rage Powder n'kugoneka anthu ndi Spore, Incineroar ili ndi Intimidate, Fake Out ndi Parting Shot. Amenewo ndi amene mukufuna kumeneko.

Seti imene ndikuyenda nayo pano pa singles ndi iyi: Regenerator, Heavy-Duty Boots, Recover, Haze, Toxic ndi Surf, ma EV 252 ku HP, otsalawo ambiri ku Defense ndi nature ya Bold ngati timu ili kale ndi Ting-Lu wolandira special, koma ngati mnzake ndi Corviknight kapena Dondozo amene atseka kale physical ndimatembenuza, Calm ndi Special Defense, kuti izitha kulowa pa Moonblast ya Iron Valiant ndi Fiery Dance ya Iron Moth. Pa awiriwa muziyamba mwafufuza kaye ngati sananyamule Psyshock, Thunderbolt kapena Psychic, chifukwa ambiri amanyamula dala podziwa kuti Toxapex ibwera. IV ya Attack ikani 0 ngati mulibe muvu ya physical, Foul Play ndi confusion zizipweteka pang'ono.